Pemphero la Munthu Wopatsidwa Tikiti

Lachiwiri lina mu Novembala 2017 ndinapita kukasaina, monga ndinkachitira mwezi uliwonse. Ndinakwera basi ku Beaumont Leys, kumene ndinkakhala ndi mlongo wanga, kenako sitima yopita m'katauni kena kumpoto kwa Leicester, kumene kuli ofesi yoona za ife alendo opempha chitetezo. Kunali kamvula kowaza. Mnyamata wa pawindo anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali kuposa masiku onse, kenako anamwetulira.

"Takhalani pampando apo pang'ono. Pali timafunso tochepa."

Aliyense amene anasainapo amaudziwa mpando umenewo. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene anali kumbuyo kwanga pamzere anazolika, nandipatsa njira.

Anandilowetsa m'chipinda chopanda windo. Anandilanda lamba, zingwe za nsapato ndi foni. Mkulu wawo, munthu waulemu ndithu, anati, "Kuyambira tsopano mwatsekeredwa. Si chilango ayi, ndipo simunapalamule mlandu."

Ndinafunsa kuti mpaka liti.

"Zimenezo palibe angakuuzeni."

Anandilola kuimba foni kamodzi. Mlongo wanga ndi nesi, ndipo tsikulo anali pa shifiti, foni itatsekeredwa m'kabati ya kuntchito. Ndinamusiyira uthenga woti nkhuku imene ndinatulutsa m'firiji aiphike lero lomwe, ingawonongeke. Zinazo zinandikanika kunena.

Kwathu ndinali mphunzitsi wa ku sekondale. Ndisanakhale mphunzitsi ndinakhala zaka zingapo ku seminale, koma ndinachoka ndisanadzozedwe. Kumeneko kunali wansembe wina wokalamba wa ku Ulaya amene ankatiphunzitsa Chilatini ndi luso la kulankhula. Iye ankatiuza kuti ku Roma wakale, olankhulira anthu m'mabwalo a milandu anali ndi dongosolo lawo. Umayamba ndi kufewetsa mtima wa woweruza, kenako umafotokoza zimene zinachitika, kenako umapempha, ndipo umatseka ndi mawu odzutsa chifundo. Patapita zaka mazana ambiri, amonke a ku Ulaya, amuna odzipatula kuti azipemphera, ankaphunzira luso lomwelo ali ana a sukulu, ndiye atayamba kuphunzitsa anzawo kupemphera anatengera dongosolo lomwe lija. Uyambe ndi kutamanda, udzichepetse, uyale nkhani yako, upemphe. Phunziro limeneli linandilowa m'magazi. Nditabwerera kumudzi, paukwati kapena pamaliro, akafuna wopemphera ankaloza ine.

Ndi mmenenso ndinapezera mavuto. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsapo anafera m'manja mwa anyamata a chipani, ndipo pamaliro ake anandipempha kuti ndipemphere. Ndinatamanda Mulungu, ndinadzichepetsa, kenako ndinayala nkhani monga inachitikira, anthu onse akumva. Sabata isanathe anyamata omwewo ananditengera kutchire pagalimoto. Za kutchireko zinalembedwa pamsana panga. Pambuyo pake nyumba yanga inapsa. Mlongo wanga anandiitanitsa kuno ku Ulaya, ndinapempha chitetezo, anandikana, apilo nayo inakanika. Ndinangotsala munthu wosaina.

Madzulo a tsiku limene ananditsekeralo vani inanditula pamalo ena kumidzi, pakati pa minda yathyathyathya yopanda ngakhale chulu. Panali mipanda iwiri ndi waya waminga pamwamba. Alonda sankalola kuti tizipatchula kuti ndende, ndipo ife sitinali akaidi koma "okhalamo". Koma makiyi anali m'chiuno mwawo.

M'chipinda chimene anandipatsa ndinapezamo bambo wina wa zaka za m'ma makumi atatu, wamfupi, wojintcha. Anandimva ndikung'ung'udza ndekha pamene ndinkayala bulangete.

"Ndimwe ba ku Malawi, ba mudala? Namvela pa kakambidwe."

Anali wa ku Zambia. Anabwera kuno ali mnyamata kudzaphunzira, anagwira ntchito ya keya, yosamalira okalamba ndi odwala, zaka zambiri, mapepala anamuthera. Mkazi wake ndi ana awo awiri aakazi ankakhala ku Hyson Green, ku Nottingham. Atamva kuti ndinali mphunzitsi anayamba kunditchula ba ticha. Ndi iye amene anandionetsa mmene moyo wa mmenemo umayendera: nthawi yowerengedwa, mlonda wabwino ndi woyenera kumupewa, ndi mawu amene aliyense ankawaopa, akuti tikiti. Ukapatsidwa tikiti ndiye kuti tsiku la ndege yako laikidwa.

Mu Disembala anandiitana kukandifunsanso za mlandu wanga. Wofunsayo anali mtsikana wa msinkhu wa ana amene ndinkawaphunzitsa. Anandipatsa madzi m'kapu ya pepala, natsegula kompyuta yake. Ndinafotokoza monga ndinkafotokozera nthawi zonse. Ndinathokoza dziko lino pondisunga, ndinanena za maliro, za kutchire, za moto, ndipo ndinapempha. Ndikulankhula iye ankawerenga zimene ndinanena zaka zam'mbuyo.

"Bambo, nkhani yanuyi mwainena ndi mawu omwewo, ndiponso m'dongosolo lomwelo. Anakuphunzitsani ndani?"

Ndinati ndinali mphunzitsi, ndipo ndinazolowera kuyala nkhani bwino.

"Anthu amene anaonadi zoopsa kawirikawiri amasokoneza. Yanuyi ndi yosalala kwambiri."

Pondikana koyamba paja anati ndinasokoneza mwezi umene nyumba inapsa, choncho ndine wabodza. Tsopano ndinali wabodza chifukwa sindinasokoneze kanthu. Ndinaimirira, ndinayamba kumasula mabatani a malaya kuti aone msana.

"Valani malaya, chonde. Ine si dokotala."

Kenako anafunsa mtundu wa galimoto imene inanditengera kutchire. Ndinati sindikukumbuka, anandigoneka chafufumimba. Analemba nthawi yaitali.

Khirisimasi inadutsa. Mu Januwale mnzanga wa ku Zambia anapatsidwa tikiti. Anabwera m'chipinda, anakhala pabedi, manja ali pakati pa maondo.

"Ba ticha, nipunziseni kupempela. Ine nimangokamba chabe. Mau yanga yalibe mpamvu."

Ndinamuuza zimene wansembe uja anatiphunzitsa, kuti mmonke wina wakale wa ku Paris anagawa pemphero m'njira zitatu, potengera olankhula a ku Roma aja. Njira yoyamba ndi kudandaula modzichepetsa, osatchula chimene ukufuna. Yachiwiri ndi kuyala mlandu wako ndi kupempha mosabisa. Yachitatu ndi kungotchula mmene zinthu zilili, osapempha kanthu, n'kusiyira womvayo kuti aone yekha chochita.

"Iyo ya chitatu ni ya bantu bolemela," anatero. "Ine nifuna ija ya maloya."

Tinalikonza pempherolo pakamwa, tikuzungulira bwalo la masewero m'chisanu choluma makutu. Iye ankafuna kuyamba ndi ndege, ine ndinkamubweza. Kwa wamkulu sufika ndi chopempha kutsogolo, uyambe wapereka moni. Anaphunzira msanga. Linali pemphero labwino, ndikunena monga munthu amene wamva mapemphero ambiri. Za ana ake ankazinena ndi mtima wonse, ndipo sikunali kochita kuphunzira.

Litatsala tsiku limodzi, tikiti yake inaimitsidwa. Loya wake anati panali pepala lina limene a ofesi anali asanaliyankhe. Mnzangayo anandinyamula m'mwamba pakati pa khonde, ine bambo wa imvi. Mbiri inawanda. Anayamba kubwera a ku Ghana, a ku Nigeria, a ku Kongo, aliyense ndi tikiti yake, kuti ndiwakonzere mawu. Ndinkawauza kuti awa si mankhwala. Ankavomera ndi mutu, kenako n'kuti, "Inde, koma tiyambe ndi chiyani?" Munthu wokokoloka ndi madzi sumuuza kuti udzu umene wagwirawo ndi wosalimba. Ndinawakonzera. Ena anatsala, ambiri anapita.

Mu Febuluwale mnzanga anapatsidwa tikiti yachiwiri. Loya anati palibenso chimene angachite. Ananena pemphero lija m'mawa, masana ndi madzulo, osaphonya liwu. Masiku atayandikira anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Ba ticha, talakwisa pati? Tachosapo chani?"

Analeka kudya. Analekanso kuimbira mkazi wake, ndipo mkaziyo anayamba kuimba pa kafoni kanga, kamene ankatipatsa mmenemo, kufunsa ngati mwamuna wake ali moyo.

M'mawa wina nditabwerako kokadya ndinapeza chitseko chathu chili pululu, alonda ali mkati, pansi pali ponyowa. Mmodzi ananditchinga ndi mkono.

"Pitani mukaonere TV. Zonse zili bwino."

Masana anandipatsa ndowa ndi chokolopera.

Mnzanga uja anamubweza kuchokera kuchipatala patapita masiku, mikono ili m'mabandeji, mlonda atakhala pampando pakhomo kumulondera usana ndi usiku. Tikiti sinasinthe. Pemphero lathu lija sanalinenenso. Ankagona choyang'ana kukhoma n'kumalankhula chapansipansi, ndipo poti mabedi athu anali oyandikana, ndinkamva.

Anabwera kudzamutenga masana, amuna anayi. Anagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri.

"Tisavutane, bwanawe," anatero wamkulu wawo. "Ndege sidikira munthu."

Ine ananditulutsa kukhonde. Zimene zinachitika m'chipindamo sindinazione, ndinangomva. Potuluka naye mapazi ake sankaponda pansi. Sanandione. Dzuwa lisanalowe pabedi lake panali patagona munthu wina, wa ku Albania, amene sitinkamvana chilankhulo.

Kuchokera pamenepo ndinakana kukonzera munthu mawu. Ndekha ndinayesa kupemphera, koma ndinadzipeza ndikumupatsa Mulungu miyezi ndi masiku mosamala, kuopa kuti angandigwire ndikusokoneza. Ndinkasankha mawu kuti asamveke osalala kwambiri. Nditazindikira zimenezo ndinachita mantha kuposa tsiku la kutchire. Ndinakumbukanso chimene wansembe uja ankamalizira nacho phunziro lake, kuti amonke aja ankadziwa kuti Mulungu si woweruza wofunika kumukopa, ndipo palibe chimene ungamuuze chimene sakuchidziwa. Dongosolo la mawu ndi lodzutsira mtima wa wopempherayo, monga mmene umauzirira moto. Ndili mnyamata ndinkaona kuti ndi mfundo yokoma. M'chipinda muja ndinauzira, koma munali phulusa lokhalokha. Ndinaleka.

Mlongo wanga ankabwera Loweruka, atachoka ku shifiti, maso ali otupa ndi tulo. Tinkakhala m'holo ya alendo, katebulo kali pakati pathu.

"Achimwene, mwaonda. Mukudya koma?"

"Ndikudya."

"Gulu lathu la mapemphero likusala kudya chifukwa cha inu. Amayi aja a ku Oadby akuti musataye mtima."

"Ukawauze adye," ndinatero. "Amagwira ntchito yoimirira tsiku lonse."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anandiuzanso kuti wapeza loya wina, ndipo loyayo atumiza dokotala wodziwa za zipsera. Dokotalayo anabweradi, mayi wachikulire wosalankhulalankhula. Anayeza chipsera chilichonse ndi karula, najambula. Sanandifunse kuti ndifotokoze bwino. Atamaliza anandithandiza kuvala malaya.

Tikiti yanga inabwera mu Malichi, lipoti la dokotala lisanatuluke. Kunja kunali kutagwa chipale chofewa, minda yonse ili mbuu. Tsikulo litafika sindinagwire chitsulo cha bedi. Ndinali nditamva kale mmene zimathera. Anandimanga lamba m'chiuno, manja n'kuwamangirira ku lambayo, nandikweza vani. Ondiperekeza ankakamba za mpira. Mmodzi anandifunsa ngati kwathu kukutentha nyengo ino, nati ndili ndi mwayi wothawa chisanu. Ndinkaona zikwangwani za msewu zikudutsa, china cholozera ku Leicester, ndipo ndinaganiza za anyamata aja a kutchire, kuti tsopano ndi akuluakulu, ndipo mwina ena ali m'maofesi. M'mutu mwanga munalibe pemphero lililonse, la njira yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu.

Tinaima pamalo omwetsera mafuta kuti iwo agule khofi. Foni ya wamkulu wawo inalira. Anamvetsera, anatukwana pang'ono, kenako anatembenuka.

"Jaji waimitsa. Tikubwerera."

Mnzake anandigulira sangweji ya tchizi. Ndinapempha kuti atsegule chitseko, ndipo ndinasanza pachipale, manja ali chimangire. Anandibwezera m'chipinda chomwe chija.

Mu Epulo loya anapempha belo. Sindinapite kukhoti, jaji ndinamuona pa TV m'kachipinda kena, iyenso akundiona. Maloya awiri anakangana za lipoti la dokotala. Pomaliza jaji anavula magalasi nandifunsa ngati ndili ndi mawu. Moyo wanga wonse ndakhala munthu wa mawu. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti, "Ndatopa, bwana." Jaji anadikira kuti mwina ndipitiriza, kenako anavalanso magalasi. Anandipatsa belo chifukwa cha zimene dokotala analemba.

Ananditulutsa madzulo omwewo ndi jumbo yoonekera mkati ndi tikiti ya sitima. Mlonda wa pageti, yemwe uja anandipatsa chokolopera, anandigwira chanza.

"Zabwino zonse. Musabwerenso."

Lamulungu lotsatira mlongo wanga ananditengera ku mapemphero a Amalawi. Amayi analulutira, abambo anandikumbatira, ndipo aliyense ankati Mulungu wayankha. Anandipempha kuti ndipereke umboni. Ndinaimirira, ndinawathokoza chifukwa cha kusala kwawo, ndinakhala pansi. Anaganiza kuti ndadzazidwa ndi chimwemwe. Sindikanatha kuwauza kuti munthu amene anapemphera bwino koposa tonse anakwezedwa ndege, ndipo ine amene ndinaleka kupemphera ndi amene ndinali pakati pawo. Ngati limeneli linali yankho, sindinadziwe kuti likuyankha funso la ndani.

Ufulu umene ndili nawo ndi wobwereka. Mlandu wanga sunathe, sindiloledwa kugwira ntchito, ndipo angathe kunditenganso. Komabe sindiuchepetsa. Ndimatha kutseka chitseko cha bafa. Ndimatha kuyenda mpaka kumashopu osauza munthu, n'kubwerako wosagula kanthu. Chimene sindinayembekezere n'chakuti ufulu umabwera ndi manyazi. Ukamadya, umadziwa kuti nthawi yomweyo kuli anthu ali pamzere ndi mbale zapulasitiki, ndipo sunawapose ndi kanthu.

Mu Meyi mkazi wa mnzanga uja anandiimbira, nati akufuna kundiona. Ndinakwera sitima mpaka ku Nottingham, kenako thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, mpaka ku Hyson Green. Ankakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yogulitsa zakudya za ku Afirika, ndipo fungo la nsomba zouma linkakwera ndi masitepe. Ana anali kusukulu. Iye anali atavala kale yunifolomu ya keya, poti ankalowa shifiti ya masana. Anandipatsa tiyi, nakhala m'mphepete mwa mpando.

Anati mwamuna wake ali ku Lusaka kwa msuweni wake. Akaimba foni amafunsa za ana, kenako amangokhala chete mpaka mayunitsi kutha. Za m'ndende sanenako kanthu.

"Ba ticha, niuzeni zoona. Banamumenya?"

Ndinati sindinaone, koma ndinamva. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana kapu.

"Nanga masiku yotsiliza, anali kukamba chani? Anali kupempela?"

Ndinamuuza kuti inde, koma sanapemphenso kuti atsale. Ankayang'ana kukhoma n'kumamuuza Mulungu za anawo, basi. Kuti amaweruka nthawi yakuti, kuti pa msewu waukulu magalimoto saima msanga, kuti wamkulu amabisa akadwala, kuti wamng'ono amaopa agalu ndipo panjira ya kusukulu pali nyumba ya galu wamkulu. Akamaliza ankayambiranso.

Mayiyo anaseka, kuseka kwenikweni, misozi ikutsika.

"Uja muntu! Wamene amayopa agalu ni mukulu, osati mung'ono. Masiku yonse amasokoneza. Manje anamuuza Mulungu vinangu."

Anapukuta nkhope ndi mkono wa yunifolomu, nayang'ana wotchi. Nthawi ya basi yake inali itayandikira. Anaimirira, nanenso ndinaimirira.

"Mukalibe kuyenda, ba ticha, pempelani."

Ndinafuna kumuuza kuti ndinaleka, kuti chichokere mwamuna wake sindinanenepo liwu limodzi kwa Mulungu. Koma iye anali atatsinzina kale, chikwama chili paphewa, akudikira. Pansi pa shopu wina ankakoka makatoni. Ndinatsinzina.

"Ambuye," ndinatero, "woopa agalu ndi wamkulu."

Ndinafunafuna mawu ena, sanabwere. Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anati, "Amen."